Ndinachotsa bambo m'nyimbo yawo

Sabata yathayi ndachita chinthu chopusa, ndipo mukundidziwa kale, zopusa zanga sindibisa.

Malemu bambo anga ankaimba gitala kwathu ku Matope. Analibe gulu. Akaweruka kudimba ankakhala pakhonde n'kumaimba nyimbo zopeka okha, zina za ng'ona za mu Shire, zina za mnzawo amene anapita ku Joni osabwerako. Chomwe chinatsala ndi kaseti imodzi, yomwe aphunzitsi ena anawajambula pa wailesi yawo.

Mwezi wamawa tikumanga chiliza chawo. Ndiye ine, mwana wophunzira, ndinati kasetiyo ikonzedwe kuti anthu adzamve zaulemu. Ndinapita nayo ku situdiyo ina m'tauni. Katswiri wa kumeneko anachotsa zonse zimene ankati ndi phokoso, n'kuikamo ng'oma, kiyibodi ndi mawu a atsikana oyankhira. Ndinatulukamo mapewa ali m'mwamba.

Loweruka ndinakawaikira mayi nyimbo yokonzedwayo kuti aimve pafoni yanga. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo.

"Yabwino," anatero. "Koma akuimbawa ndani?"

"Si bambo amenewa, amayi?"

"Bambo ako ankatsokomola asanayambe ndime yachiwiri. Ankagundanso pansi ndi chidendene. Awa ine sindikuwadziwa."

Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana.

Kodi tinayamba liti kumuona woperewera munthu mmodzi ndi gitala wake? Masiku ano kuukwati, kutchalitchi, ngakhale m'minibasi ya ku Lisungwi, nyimbo ikapanda kugwedeza malata ndiye kuti sinapse. Woimba timamukwirira ndi zipangizo ngati tikumubisa kwa alendo.

Chonsecho nyimbo zimene zinatilera zinali zoimbira anthu asanu okhala pamphasa. Unkamva chala chikukhula pa waya. Unkamva munthu akukoka mpweya. Akalakwitsa ankaseka n'kubwereza, ife n'kuseka nawo, chifukwa amene akumuimbayo tinkamudziwa ndi kwawo komwe. Ndimazisowa kwambiri nyimbo zimenezo, ndipo ndazindikira mochedwa.

Mwamwayi katswiri uja anali atandiikiranso pafoni nyimbo ija isanakonzedwe. Ndinaitsegula mayi ali pomwepo. Kunamveka nkhuku, kenako gitala analowa mozengereza. Ndime yoyamba itatha, bambo anatsokomola.

Mayi sanayang'ane n'komwe foniyo. Anatembenukira kukhonde.

"Imwani kaye madzi, abambo," anatero chapansipansi.