Chogwirira cha Mpeni wa Bambo

Bambo atamwalira, m'sutikesi mwawo tinapezamo mpeni wosakira nyama, wadzimbiri, chogwirira chake cha nyanga chitang'aluka n'kumangidwa ndi waya. Anachoka nawo kumpoto ali mnyamata atayambana ndi abale awo, ndipo sanabwererekonso. Ife tinakulira ku Chinsapo osadziwa ngakhale njira ya kumudzi kwathu.

Patapita zaka, mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti ku Area 25 kwafika mkulu wina wa chiwongo chathu, wodwala maso, amene akufunsa za mng'ono wake yemwe anasowera ku Lilongwe ndi mpeni wa atate awo. Ndinkafuna kwathu, kuti ana anga akhale ndi kolozera.

Koma ine manyazi anga ndi opusa. Ndikaonekere kwa akuluakulu ndi chitsulo chonga chotola kudzala? Ndinapita ndi mpeniwo kwa mmisiri wina wosula mipeni ndi mbaula pamsika. Anautembenuza kawiri, n'kuugogoda pamwala.

"Achimwene, ichi n'chitsulo chakale, chosula pamanja," anatero. "Dzimbiri ndichotsa, koma chogwirirachi chisiyeni. Taonani apa, chala cha mwini wake chinadya nyanga."

Ndinamuyankha kuti sindinabwere kudzapempha nzeru. Anangoti chabwino, n'kuchotsa nyangayo, n'kuikapo mlombwa wopaka vanishi. Mpeni unawala ngati wa m'sitolo, ine n'kumadziona wochenjera. Nyangayo inapita ndi zinyalala za pamsika, ine ndikuona.

Mkulu uja ndinawapeza pakhonde, maso atayera. Ndinagwada n'kufotokoza za Bambo. Nditatchula mpeni, anatambasula dzanja, ine n'kuupereka. Anaufumbata, chala chachikulu chikufufuza pachogwirira, kukwera, kutsika, kukweranso. Anafufuza nthawi yaitali ndithu.

"Wa atate unali wa nyanga ya njati," anatero. "Unali ndi pokhala chala, apa."

Ndinalumbira kuti unali choncho, kuti wasintha ndine, dzana lomweli. Ndinadzimva ndekha kuti ndikulankhula ngati wakuba. Sanakwiye, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimenecho. Akanandikalipira, bwenzi ndikuti andikalipira ngati mwana wawo.

Anandibwezera mpeniwo bwinobwino, ndi manja awiri.

"Pepani, mwavutika ndi ulendo," anatero. "Mukafunse kwina. Yendani bwino, alendo athu."