Mtsikana Amene Ankawerenga Mbale Zakuda

Inu amene mukuti zanu zinada kale, tamvani za mtsikana wina amene anayamba ntchito atavala ngati tsabola.

Pamsewu wa alendo odzacheza, pakati pa nyumba ya juga ndi malo ovinira, panali lesitilanti ya zakudya za ku Mexico. Mtsikanayu atalephera mayeso kachitatu, anamulemba ntchito yoima pakhomo dzuwa likuswa mtengo, ali m'chovala chofiira chotukumuka, nkhope yokha ikuoneka, n'kumagawa timapepala toitanira anthu.

Tsiku lachinayi panadutsa mnzake wa kusukulu. Anamuyang'anitsitsa, n'kutulutsa foni.

"Aise, ndiwe? Taima bwino ndikujambule. Masamu aja anakufikitsa apa?"

Dzuwa lisanalowe, chithunzicho chinali chitafika kwa aliyense amene anaphunzira naye. Dzina loti Tsabola linamumatirira.

Azakhali ake, amene ankamusunga, sanazungulire. "Mwana wa achimwene, siya zimenezi. Ukutiyalutsa."

"Azakhali, kuyaluka ndayaluka kale," anayankha. "Ndikasiya lero, chithunzi chija ndiye mbiri yanga yonse."

Patatha miyezi iwiri wotsuka mbale anasiya ntchito, Tsabola n'kulowa kusinki. Anthu amati kusinki kulibe chophunzira. Amanama. Mlendo ukamufunsa amati chakudya chinali bwino, koma zoona zake amazisiya m'mbale, ndipo woziona ndi wotsuka yekha.

Tsabola anaona chinthu chodabwitsa. Mbale za matebulo a m'kati zinkabwera ngati zanyambitidwa. Za pakhonde, zomwe zinali ndi mzere wabuluu m'mphepete, zinkabwera nyama itatha, msuzi utatha, koma totiya, kabuledi kopyapyala ka chimanga kokulungira nyamayo, katangolumidwa kamodzi. Wophika mmodzi, chiwaya chimodzi, ufa umodzi. Nanga kusiyana kuchokere kuti?

Wophika wamkulu, yemwe onse ankamutcha a Shefu, anachepetsa mchere. Kenako anauwonjezera. Kenako anatukwana wogulitsa ufa. Totiya ankabwererabe, ndipo odyera pakhonde sankabweranso kachiwiri.

Madamu, mwini malowo, anasonkhanitsa antchito. "Mwezi ukatha ndikutseka khonde. Anthu atatu achoka, kuyambira amene analowa pomaliza."

Onse anatembenukira kusinki.

Kuyambira tsiku limenelo Tsabola sanadyerenso kukhitchini. Nthawi yopuma ankawoloka msewu, kukhala pabenchi, n'kumayang'ana khonde. Masiku atatu sanaone kanthu. Tsiku lachinayi anaseka yekha mpaka wogulitsa zipewa amene anakhala naye pabenchipo anamusunthira kutali.

M'kati munali kamdima, choncho mbale ikafika anthu ankangodya. Pakhonde panali kuwala kokoma. Mbale ikafika, mafoni ankatuluka. Wina kusuntha tambula, wina kukwera pampando, wina kuti tabwereza, dzanja langa laoneka lonenepa. Akamayamba kudya, totiya anali atazizira, atauma ngati katoni.

Tsabola anathamangira kukhitchini. "A Shefu, vuto si mchere. Ndi mafoni."

"Iwe, wathovu m'zigongono, uphunzitse ine? Ndinayamba kuphika iwe ukuyamwa. Bwerera kusinki."

"Ndibwerera. Koma totiya wanu akandipeza komweko."

Sanapitenso kukawanyengerera. M'mawa uliwonse ankafika ena asanabwere, kutenga ufa wokanda wotsala dzulo, n'kumaphunzira kuupsinja ndi kuutembenuza pachiwaya ndi zala. Totiya woyamba anang'ambika. Wachiwiri anapserera. Zala zinatuluka matuza, madzi a sopo n'kumazilumanso tsiku lonse. Sabata yachitatu totiya wake anafufuma pachiwaya ngati akupuma.

Apo ndi pamene anaima pamaso pa Madamu, a Shefu ali pomwepo.

"Alendo sitingawaletse kujambula," anatero. "Tiwapatse nyama ndi msuzi ajambule mpaka akhute. Foni ikatsika, totiya afike wotentha, atakulungidwa m'kansalu."

"Akakhudza chiwaya changa alendo alipo, mmodzi wa ife achoke," anatero a Shefu.

Madamu anayang'ana zala za mtsikanayo. "Nkhomaliro ya mawa yokha. Zikakanika, sudikira kutha kwa mwezi."

"Ndamva, Madamu. Kwa ine mweziwo unatha kale."

Mawa lake anakokera chiwaya pafupi ndi kazenera koonera pakhonde. Tebulo loyamba anachedwa, bambo wina wadazi n'kuyamba kugogoda ndi foloko. A Shefu anatsokomola mokweza kuti aliyense amve. Tebulo lachiwiri anafulumira, mayi wina n'kujambula ndi kansalu komwe. Pofika lachitatu anali atagwira nthawi yake: osadikira foni kutsika, koma kuponya totiya pachiwaya pomwe wojambula wayamba kuonetsa mnzake chithunzi.

Alendo atachepa, Tsabola sanafunse woperekera aliyense kuti anthu akuti chiyani. Anapita kusinki kukadikira mbale za mzere wabuluu.

Yoyamba inabwera ndi theka la totiya. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inalibe kanthu. Yachinayi, yachisanu, mpaka mulu wonse, munalibe ngakhale nyenyeswa.

A Shefu ananyamula mbale imodzi n'kuitembenuza, ngati totiya angabisale kunsi. Anaiyika pansi pang'onopang'ono.

"Mawa ubwere kuchiwaya ndi epuloni youma," anatero, maso ali kukhoma. "Ndipo umachulutsa madzi mu ufa."

"Mundionetsa, a Shefu."

Khonde silinatsekedwe, ndipo palibe amene anachotsedwa. A Shefu atapuma ntchito patapita zaka zinayi, makiyi a kukhitchini anawasiya m'manja mwa Tsabola. Lero wophika aliyense watsopano, kaya ali ndi satifiketi zingati, amayamba wakhala sabata yathunthu kusinki, ndipo Lachisanu amafunsidwa funso limodzi: waonamo chiyani?

Mwina nanunso anakukankhirani pakona pomwe palibe amene amayang'anako. Musagonepo, ndipo musapemphe kuti akumvereni chisoni. Pakona iliyonse pali chinthu chimene a kutsogolo sangachione. Chioneni, chiphunzireni mpaka zala zipse, kenako imirirani mukachinene ngakhale akuuzeni kuti mukhale chete. Osagonja, osataya mtima.