Chiphaso cha msuweni wanga

Chaka chimene Phalombe adachoka pansi pa Mulanje n'kukhala boma palokha, anthu a m'maofesi adakhamukira kuno, koma nyumba zoti agonemo zinali zosowa. Ine ndinkagulitsa thobwa pafupi ndi maofesiwo, ndipo makutu anga sankagona. Mlendo akangodandaula kuti akugona m'sitolo ya mnzake, ndinkadziwa kale amene ali ndi nyumba ya malata yongokhalamo mbewa. Ndinkamuperekeza, akagwirizana ine n'kulandira kangachepe. Anthu adayamba kunditcha dobadoba, ndipo dzinalo sindinkadana nalo chifukwa linkadyetsa ana anga.

Kenaka kudamveka zoti wochita malonda aliyense pa Boma akhale ndi chiphaso, ndipo chiphasocho ankapatsa munthu wokhala ndi malo odziwika ogwirirapo ntchito. Malo anga anali pansi pa mtengo. Apa ndiye adatulukira msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene adakulira ku Limbe ndipo anali ndi kachipinda kometera anthu pamsika.

"Mkazi wanga, usadandaule," adatero mwa nthabwala zathu za pachisuweni. "Chipinda ndi changa, nyumba ukuzidziwa ndiwe. Tilembetse tonse awiri."

Ndidayenda naye khomo ndi khomo, kumudziwitsa kwa eni nyumba onse. Chiphaso chitatuluka adachipachika pamwamba pa galasi lometera, chili ndi dzina lake lokha.

"Asuweni, langa lili pati?"

"Malo adachepa," adayankha uku akuseka.

Sadalekere pomwepo. Adauza eni nyumba kuti wopezeka akuchita zinthu ndi dobadoba wopanda chiphaso adzamangidwa. Anthu amene ndinkadya nawo adayamba kundizemba. Ndidabwerera ku thobwa mtima uli bii, ndipo kunena zoona ndinkamufunira zoipa.

Mwayi wanga udadza ndi nyumba ina yokongola pamsewu wopita kwa Kaduya. Mayi wa pakhomopo anali atangomwalira, ndipo msuweni wanga adagwirizana ndi mwamuna wofedwayo kuti mulowe namwino wochokera kumpoto ndi banja lake. Nzeru za m'tauni zidamuuza kuti womanga nyumba ndiye mwini wake. Kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini. Mkazi akamwalira, abale a mkaziyo amamusudzula n'kubwerera kwawo, nyumba imatsalira ana ndi mbumba. Ndikadatha kumuchenjeza, koma m'malo mwake ndidafufuza tsiku lobwera lole ya katundu, ndipo ndidapita kwa azichemwali a malemu ndi kwa atsibweni awo kukawauza zonse, mchere n'kuthirako.

Lole itafika, idapeza amayi ali mbwee pakhonde akusola nandolo, atsibweni atakhala pampando pakhomo penipeni. Mwamuna wofedwa uja anali atazemba kalekale. Ine ndidaima kutsidya kwa msewu ndi ndowa yanga ya thobwa kuti pasandipite kanthu.

"Ndinu yani inu wolowetsa alendo m'nyumba ya mwana wa mlongo wanga, tsitsi la maliro tisanamete n'komwe?" adafunsa atsibweni.

"Bambo, ine ndili ndi chiphaso cha boma," adatero msuweni wanga.

"Kachionetseni kumanda, mwini nyumba ali kumeneko."

Amayi adaseka chikhakhali. Namwino uja, mwana kumsana, adamugwira msuweni wanga pakhosi la malaya, ndipo mawu amene adamunena sindingawalembe. Nditakhuta kuonerera ndidawoloka msewu, ndidamupatsa moni namwinoyo, n'kukwera naye lole kupita kunyumba ina imene ndinali nditakonzeratu. Sindidamulipiritse kanthu, chimwemwe chokha chidandikwanira.

Nkhani idafika mpaka kwa Mkhumba. Eni nyumba adayambanso kundiitana, ndipo mmodzi adandibwereka kachipinda pakhonde la sitolo yake. A ku ofesi adabwera kudzakaona, chiphaso changa n'kutuluka. Azakhali adabwera kudzandipempha kuti ndimutenge mwana wawo tizigwira limodzi. Ndidawagwadira, ndidawaphikira tiyi, koma ndidakana.

Posakhalitsa msuweni wanga adataya ndi kachipinda komwe, nayamba kabaza. Pa siteji pankakhala anyamata ambiri amphamvu, koma ine ndikamapita kukaonetsa nyumba ndinkasankha iyeyo, makamaka nyumbayo ikakhala kumtunda, cha kuphiri. Thupi langa si laling'ono. Akamapuma wefuwefu pachitunda, thukuta lili kamukamu, ndinkakhazikika bwino pakaliyala n'kumuuza kuti, "Palasani, amuna anga, alendo akundidikira."