Eko pa Mawu a Agogo

Situdiyo yanga ili kuseri kwa shopu ya telala pa Mhuju, kachipinda kamene makoma ake ndinamatamo mathireyi a mazira. M'menemo ndimo agogo anaimbira kamodzi kokha, chaka chimene mvula inachedwa fodya n'kupserera ku nazale.

Agogo ndiwo anandilera. Mayi ndi bambo anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo nkhope zawo ndimazidziwira pa chithunzi chimodzi chofwifwa. Ndinakula wosalankhulalankhula. Ku tchalitchi ndinkakhala pafupi ndi sipika, maso pa zala za mkulu wopotokola mabatani a mikisa, makina osakanizira mawu, agogo akutsogolera kwaya ya amayi.

Amayi amenewo ndiwo anabwera Lachinayi lina, asanu ndi anayi kuphatikizapo agogo, atavala zoyera, kuti ndiwajambule nyimbo zinayi. Ndinali ndi miyezi yochepa pa ntchitoyi. Oimba a kwathu kuno safuna kumva mawu awo ali okhaokha. Amafuna eko, ija imachititsa munthu kumveka ngati akuimbira m'tchalitchi chachikulu mopanda anthu. Mayi wapampando wa kwayayo atangovala mahedifoni anakwinya nkhope.

"Iwe mzukulu, bwanji tikumveka ngati tikuimbira m'thumba la chimanga? Thira eko, chomene!"

Onse anaseka. Ndinapotokola batani la eko mpaka mayiwo anagwedeza mutu. Ndinayamba kujambula agogo paokha, popeza ndiwo otsogolera, kenako ena onse pamodzi.

Mawa lake ndinazindikira kulakwa kwanga. Waya wopita ku laputopu ndinaulumikiza potulukira mawu osakanizidwa kale, choncho eko ija, imene inayenera kumveka m'mahedifoni mokha, inalowa m'zojambulazo. Amayi asanu ndi atatu aja anabweranso sabata yotsatira, akunyinyirika, n'kubwereza. Agogo anali atagona ndi chifuwa.

"Ndikachira tidzabwereza," anatero. "Maikolofoni ako athawa?"

Sanachire. Tinawaika m'manda chimanga chili m'mawondo.

M'zaka ziwiri zotsatira ndinaiphunzira bwino ntchito. Mawu ojambulidwa popanda eko timati ndi ouma, okhala ndi eko timati ndi onyowa. Pa laputopu, pansi pa mawu a woimba, pamakhala mzere umene umaukoka ndi mausi. Ukaukweza eko imachuluka, ukautsitsa imachepa, ndipo kompyuta imautsatira yokha nthawi iliyonse nyimbo ikamalira. Ine ndimautsitsa pamene woimba akutchula mawu, kuti amveke ngati ali pa khutu pako, n'kuukweza kumapeto, mpweya ukamamuthera, kuti liwu litsale likuuluka pang'ono. Koma zonsezi zimatheka pa mawu ouma. Eko imene inalowa kale siituluka, monga mchere sutuluka mu ndiwo.

Nyimbo za agogo sindinazitsegule mpaka amalume atakonza zoika chiliza pa manda awo. Mayi wapampando anafika ku situdiyo, n'kukhala pa mpando wa telala.

"Nyimbo zija tikazimvere kumanda. Agogo ako aimbe okha pa tsiku lawo."

Nditazitsegula ndinamva agogo ali kutali, ngati munthu wokuitana ali tsidya lina la dambo. Liwu linali lawo ndithu, ndi kunjenjemera kwake komwe, koma mawu ake ankawombana okhaokha. Ndinatsitsa mzere mpaka pansi ngakhale ndinkadziwa kuti palibe chimene chisinthe. Ndinayesa kudula apa ndi apo, liwu n'kuwonda ngati la wailesi yotha mabatire. Masiku atatu ndinakhalira zimenezo, makina a telala akugogoda kuseri kwa khoma. Ndinkangofuna kuwamva ali pafupi, monga ankamvekera akamandidzutsa kuti ndikatunge madzi.

Vuto lina linali lakuti amayi ena aja, pokhala ouma, ankamveka ali kutsogolo, wotsogolera ali kumbuyo kwawo. Tsiku lachinayi ndinasiya kulimbana ndi mawu a agogo, n'kugwira mzere wa kwaya. Paliponse pamene agogo akuyambitsa ndipo amayi akuvomera, ndinaukweza pang'onopang'ono, kadontho ndi kadontho, mpaka onse anamveka ali malo amodzi. Agogo sakanatha kubwera, ndiye ndinawatumiza anzawo kuti akawapeze komweko.

Ndikumaliza nyimbo yachinayi ndinaona kachidutswa kumapeto, kamene sindinakadule. Tsiku lojambula lija ndinali nditatseka batani la eko kuti ndilankhule ndi agogo, ndisanaimitse laputopu. Ndinakaliza. Kunamveka chifuwa, pafupi kwenikweni, kenako agogo:

"Watha? Tsegula chitseko, mwana iwe, muno mukutentha."

Ndinachotsa mahedifoni n'kucheuka.

Mayi wapampando atabwera kudzamvera, anatseka maso nyimbo zonse zinayi. Atamva kachidutswa kaja anadzidzimuka.

"Yayi, mzukulu. Icho chotsa. Anthu akamve nyimbo, osati matenda."

Ndinakachotsa. Kumanda tinaika sipika pa mpando, pansi pa mtengo wa muwanga, ndipo mphepo yochokera ku Nyika inkaulutsa nsalu yophimba chiliza. Nyimbo zitatha, amayi ankapukuta misozi ndi nsonga za mipango yawo. Mmodzi anandigwira dzanja.

"Yewo chomene. Wawakonza bwino. Akumveka ngati ali kale kumwamba."

Ndinavomera ndi mutu. Sindinawauze kuti agogo kumwambako ndinawatumiza ndine, ndi waya wolumikiza polakwika, iwo akadali moyo.

Kachidutswa kaja ndinakasunga pakokha. Sikakwana ngakhale mpweya uwiri. Pansi pake mzere wa eko uli pansi, ndipo sindinaukhudzepo. Ndimakaliza mwa apo ndi apo, oimba akapita, koma osati kawirikawiri, chifukwa nthawi iliyonse ndimapezeka ndaimirira, dzanja lili pa chitseko.