Foni Yopanda Ankhoswe

Zaka zimene ndinkagulitsa mafoni pa Katete ndinaphunzira chinthu chimodzi chimene salemba pa katoni. Foni ili ndi makolo awiri, ndipo makolowo sakhala nyumba imodzi. Kampani ina imaumba thupi, ndiye kuti galasi, batire ndi kabowo ka chaja. Ina imaikamo nzeru za mkati, zimene ife a m'sitolo tinkangoti pulogalamu. Foni ikamayenda bwino, onse awiri amadziguguda pachifuwa kuti mwanayo ndi wawo. Ikangoyamba kudwala, aliyense amati matendawo ndi a kumtundu kwa mnzake.

Sitoloyo inali ya bambo ena Achisilamu obadwira ku Malawi, munthu wofatsa amene sankakweza mawu ngakhale kasitomala atawatukwana. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake anandilemba ntchito ine wa mtima wapachala, kuti ndizikangana m'malo mwawo. Ntchito imeneyo ndinkaigwira mokhulupirika.

Chaka china, anthu atangogulitsa mtedza ndi thonje, kunabwera foni yatsopano yotchipa. Inabwera ndi chilole cha zokuzira mawu chimene chinaima pafupi ndi msika, atsikana ovala masikipa ofanana akuvina pamwamba pake. Amene ankalankhula anali bambo wina wa ku Lusaka, wa suti yothina ndi nsapato zosongoka, woimira kampani youmba thupi. Anatiuza kuti kampani yawo pamodzi ndi ya pulogalamu ija tsopano ndi banja limodzi, ndipo banjalo silidzatha. Pachikwangwani anajambulapo manja awiri akupatsana moni. Mawu oti banja anawabwereza mpaka mawu ake anasasa, ndipo alimi amene anabwera kudzagula malata anabwerera ndi mafoni.

Mmodzi mwa ogulawo anali mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga wa kwathu ku Vubwi. Anali pa ulendo wa ku Joni kukasaka ntchito, ndipo ankafuna kusiyira mkazi wake foni yoti azitumizirana mawu pa intaneti, poti kuimba kuchokera kumeneko kumadya thokotaimu ngati mbuzi m'munda wa nyemba. Foniyo ndinamusankhira ndine. Ndinaikamo simu, n'kumuphunzitsa mng'ono wangayo podina akafuna kulankhula. Kwathu netiweki ndi ya mwano, ukapendeka pang'ono umapezeka uli ku Malawi, choncho ankakwera pachulu cha kuseri kwa khola kuti aipeze. Miyezi yoyamba mauthenga ankabwera, ndipo aliyense wodutsa pakhomopo ankamvetsedwa mawu a mlamu wanga, afune asafune.

Kenako makampani aja anayambana. Chimene anayambanirana sitinauzidwe. Tinangoona mafoni akulemba Chingerezi choti sadzalandiranso apudeti, ndiye kuti zokonza zimene eni pulogalamu amatumiza kuti foni isatsalire. Posakhalitsa malo otumizirana mauthenga aja anayamba kukana kutseguka. Anthu anabwera kwa ine, poti nkhope imene ankaidziwa inali yanga. Nditaimbira a kampani ya thupi anandifunsa ngati foniyo ikuyaka, ndipo nditati ikuyaka anati ndiye kuti mbali yawo ilibe mlandu, ndifunse a pulogalamu. A pulogalamu analibe ofesi m'Zambia muno, analibe ngakhale nambala yoti munthu n'kuimbapo kuti atukwane. Anangolemba pa intaneti kuti asiyana mwamtendere ndi anzawo aja, akuwathokoza chifukwa cha ulendo umene ayendera limodzi, ndipo akuwafunira zabwino zonse. Chibadwire sindinaonepo anthu akusudzulana mwaulemu choncho, ndipo ana amasiye onse anawasiya pa kauntala yanga.

Foni ya mng'ono wanga nayo inangoti zii. Anthu kumudzi akamufunsa za mwamuna wake, ankayankha kuti ali bwino, koma foni ndi imene yavuta. Ndinamuuza kuti abwere nayo ndione chochita, kapena aike simu yake mu foni ya aphunzitsi a pasukulu yapafupi. Nthawi zonse ankakhala ndi chifukwa. Akupalira, akukolola, mwana ali ndi chifuwa. Ine ndinkati ndi ulesi, ndipo ndinamuuza kuti ndi ulesi.

Amene sanathe kupirira anali atsibweni athu, mlongo wawo wa amayi, amene analinso nkhoswe ya ukwati umenewu. Atsibweni amakonda mlandu kuposa nyama. Ukwati ukagwedezeka kulikonse m'mudzi, iwo amakhala atavala kale jekete asanaitanidwe. Atamva kuti akazi kumjigo ayamba kunong'onezana zoti mwana wa mbumba yawo wasiyidwa, anati nkhoswe siikhala pansi ukwati ukamazizira, ndipo ngati ikupasula banjali ndi foni, eni foniyo ayankhe. Nditamva zimenezi ndinasangalala. Ndinkadziwa tsiku limene bambo wa suti yothina uja ankabwera ndi katundu watsopano, ndipo ndinawauza atsibweni kuti abwere tsiku lomwelo. Ndinkafuna kumuona akutuluka thukuta, poti ine ndinali nditatukwanidwa mokwanira chifukwa cha banja lake lija.

Anafika chakumasana ali mbuu ndi fumbi, mng'ono wanga akuwatsatira pambuyo ngati akupita naye kuchipatala. Atsibweni anapempha mipando. Anatulutsa foni imene anaikulunga m'kampango, n'kuiika pa kauntala mosamala. Kenako anamupatsa moni mlendoyo, moni wautali wofunsa za kunyumba, za mvula ya ku Lusaka ndi za ulendo, mpaka bamboyo anayamba kuyang'ana wotchi. Atatha zonsezo anamufunsa ngati iye waimira kuchimuna kapena kuchikazi.

Bamboyo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu. Ine ndinawafotokozera atsibweni kuti awa ndi oumba thupi, ndipo a nzeru za mkati ndi ena. Anagwedeza mutu n'kugamula kuti ndiye kuti awa ndi akuchikazi, poti ndi amene anabereka, ndipo winayo ndi mkamwini amene anadzakhala pakhomo pawo. Anafunsa kuti mkamwiniyo ali kuti. Anayankhidwa kuti ali kunja kwa dziko. Anafunsa kuti pochoka anatsanzika kwa yani. Bamboyo anayang'ananso wotchi. Anafunsanso kuti ankhoswe a ukwatiwo anali ndani, kuti awaitane akhale nawo pansi. Bamboyo anati kunali maloya, ndipo zonse zinasainidwa bwinobwino. Atsibweni anafuna kudziwa ngati maloyawo anabwerako kudzaona mmene ana akukhalira banja litatha. Atamva kuti ayi, anatembenukira kwa anthu amene anali atayamba kudzaza pakhomo la sitolo, n'kuwauza kuti apa panalibe ukwati, kunali kungolowana.

Anthu anaseka, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi foni yomweyo m'thumba. Atsibweni akaona anthu akuseka amatenga mphamvu. Anamuuza mlendoyo kuti ngakhale kukhale kulowana, kwathu kuno ana ndi a kwa mayi. Mkamwini akhoza kunyamula khasu lake ndi bulangeti n'kumapita, koma wobereka sathawa ana. Ndiye popeza akuchikazi ndi awa, atenge mwana wawo akamulere.

Bamboyo anamasula batani la pakhosi. Anatsegula chikwama n'kutulutsa katoni yonyezimira.

"Madala, ise hardware yathu ili che bwino," anatero. "Vuto ni software, ndipo software si yathu. Manje tili na partner watsopano. Mugule che iyi, mavuto yonse yasila."

Pakatonipo panali manja awiri akupatsana moni. Ndinawayang'anitsitsa, ndipo ndikulumbira kuti anali manja omwe aja, anangosintha mtundu wa malaya.

"Ndiye kuti mwakwatiwanso," anatero atsibweni mofatsa. "Ana a mwamuna woyamba mwawataya pamsewu, ndipo mwabwera kudzatigulitsa a mwamuna wachiwiri. Nanga uyu akadzachoka, awa mudzawatayira kuti?"

Ngakhale abwana anga, amene sankasekera kasitomala kapena mlendo, anabisa nkhope kuseri kwa shelefu ya machaja. Ine mtima unali mbee. Ndinkaona kuti miyezi yonse imene ndinakhala ndikupepesa anthu pa mlandu wa eni ake yabwezedwa tsiku limodzi. Sindinayang'ane n'komwe kumene kunakhala mng'ono wanga.

Munthu akapanikizika amagwira chilichonse. Bamboyo anafunsa kuti kwenikweni vuto la mayiwa ndi chiyani, ndipo atsibweni anamuuza kuti mwamuna wake ali ku Joni, ndipo mawu ake akutsekeredwa ndi foni yosiyidwayi. Apo nkhope yake inawala. Anati zimenezo n'zosavuta, tiike simu ya mayiwa mu foni yatsopanoyi kwaulere, pomwepo tione mauthenga a bambo akunyumba akugwa ngati mango. Atsibweni anavomera, poti kwa iwo umenewu unali umboni umene unkasowa. Ine ndinali nditatsegula kale kumbuyo kwa foni yakale ija.

"Asisi, zisiyeni," anatero mng'ono wanga chapansipansi.

Ndinamva, koma ndinkaganiza kuti ndi manyazi a anthu akumudzi akakhala pagulu. Ndinaika simu, tinadikira kanambala kotsegulira, ndipo foniyo inayamba kulira motsatizana. Anthu pakhomo anasuzumira. Unalowa uthenga wa gulu la amayi a kutchalitchi, wina wa kopaletivu wonena za feteleza, wina wa maliro amene anaikidwa kalekale, wina wa msuweni wopempha mbewu ya mtedza. Tinadikira. Foniyo inasiya kulira. Ndinatsitsa mayina mpaka ndinapeza la mlamu wanga, ndipo pansi pake panalibe mawu ngakhale amodzi. Pamwamba panalembedwa kuti munthuyo ali pa intaneti nthawi yomweyo. Chithunzi chake chinali chitasintha. Anali atanenepa, atavala jekete yachikopa, atanyamula khanda lokulungidwa mu shawelo yoyera, ndipo paphewa pake panatsamira mutu wa mkazi amene sitinkamudziwa.

Bambo wa ku Lusaka, amene sankadziwa nkhope ya mlamu wanga kapena ya wina aliyense, anakuza chithunzicho ndi zala ziwiri n'kuchitembenuzira kwa atsibweni.

"Mwaona mwamene ionetsera clear?" anatero.

Anthu pakhomo anasiya kusuzumira. Abwana anga anatuluka kuseri kwa shelefu, n'kuwauza anthu mwaulemu kuti sitolo ikutsekedwa pang'ono, ngakhale nthawi ya mapemphero inali isanakwane. Anakoka chitseko mbali imodzi. Bambo uja anayang'ana uku ndi uku, kenako anazindikira kuti pali chimene chalakwika, ndipo anayamba kulongedza makatoni ake mwakachetechete. Ndinapsa mtima kwambiri, koma sindinadziwe woti ndimupsere. Wa ku Joni anali kutali ngati a pulogalamu aja, ndipo nayenso analibe ofesi.

Atsibweni, amene anali atalankhula masana onse, anavula chipewa n'kuchigwira pamaondo. Kenako anati ukwati wa mwana wa mbumba yawo si wolowana, unali ndi ankhoswe, ndipo iwo apita kukaonana ndi nkhoswe ya kuchimuna mawa lomwe. Anazinena akuyang'ana pansi. Tonse tinkadziwa zimene akuchimunawo akayankhe, kuti mwana wawoyo kwawo anachoka ali bwinobwino, ndipo chimene chamusintha ndi cha kumene aliko.

Mng'ono wanga sanalire, ndipo chithunzicho sanachiyang'ane kawiri. Apo m'pamene ndinazindikira kuti sikanali koyamba kuchiona, ndipo foni ya aphunzitsi ija ayenera kuti anaibwerekapo kale. Zinandiwawa kuposa chithunzicho. Mng'ono wangayo anaimirira, anatenga foni yatsopano ija m'manja mwanga, n'kutulutsa simu yake ndi chikhadabo. Anaibwezera mu foni yakale, anatseka kumbuyo, n'kuikulunga m'kampango ka atsibweni. Abwana anga anamuuza kuti ngati akufuna, atenge foni ina iliyonse pashelefu, zina tidzakambirana. Anawathokoza atapinda maondo, koma anakana.

"Bola yomweyi, asisi," anandiuza. "Iyi ikakhala chete, ndimakhala ndi chowauza anthu."

Anaika kampangoko m'chikwama, n'kufunsa atsibweni ngati minibasi ya ku Chipata angaipezebe.