Mutu wa pawindo wadzaza anthu pageti

Moni amalume ndi abale nonse, ndine Tiyanjane, ndikulemba ndili pansi pa bedi.

Ku saluni ya ku Mushili komwe ndikuphunzira kusoka mawigi, madamu otiphunzitsa anatiuza kuti tipange tsitsi lakale, lija lalikulu lozungulira ngati la pa chithunzi cha ukwati wa malemu agogo. Ndinabwera kunyumba ndi chidole cha mutu chophunzirirapo, ndipo wigi ndamaliza lero masana.

Yakhala bwino moti ndinachiveka ndolo ndi magalasi, n'kuchiika pawindo kuti aneba athu a Bana Mulenga, aja okonda kusuzumira, akumane nacho. Anakuwa, ndowa uko, patapata uko! Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo musandikalipire, zinawayenera.

Koma tsopano anthu adzaza pageti. Akuti adadi chiwachotsereni ntchito ku mgodi akusunga mutu wa munthu kuti alemere. Wina wagenda kale malata. Adadi ali m'basi kuchokera ku Kitwe, foni yawo yazima, sakudziwa chilichonse.

Amalume, nditulutse mutuwo aone kuti ndi pulasitiki? Nanga akandiona ndaunyamula, sayamba ndi ine? Yankhani msanga chonde, adadi asanatsike basi.