Mwana wa pansi pa benchi ku Thuchila

Lachiwiri lapitali ndinakwera kabaza kupita ku Thuchila kukapereka mbewu ya nandolo kwa mlamu wanga Felesita. Pakhomo sindinamupeze. Anthu a pakhomopo anandiuza kuti ali kusukulu ya mkombaphala ya pampingo wawo, kumene amalera ana mongodzipereka. Ndinamulondola komweko.

Sukulu yake ndi chipinda chimodzi cha malata akale, mabenchi angapo ndi mphasa. Ana anali thothotho, akuimba nyimbo ya masiku a pasabata. Mlezi mnzake anali atapita kuganyu, ndiye Felesita anali yekha: kuimbitsa ndi iye, kupukuta mamina ndi iye, kutakasa phala panja ndi iye yemweyo. Ndinakhala pakhomo kudikira kuti aweruke.

Kenaka mtambo unatsika kuchokera kuphiri. Inu akuno mukuidziwa mvula ya ku Mulanje, siyiodira. Inangokhuthuka pamalata, ana n'kukuwa ndi chimwemwe, ena kuthamangira pazenera kukatchera manja.

Mmodzi yekha sanasangalale nawo. Mtsikana wa zaka ngati zisanu, wa diresi yachikasu, anatsetsereka pabenchi n'kulowa pansi pake. Anadzipinda, maondo kuchibwano, zala m'makutu. Sanalire. Ankangonjenjemera. Posakhalitsa ndinaona madzi akuyenderera pasimenti, koma sanali a mvula.

"Yankho wakodzanso! Yankho wakodzanso!" anzake anayamba kuimba uku akuwomba m'manja.

Felesita anawakalipira n'kugwada pafupi ndi benchi. "Yankho, tuluka mwana wanga, ndi mvula chabe." Asanamalize, anyamata awiri anali atagwirana kale pakona, ndipo fungo la phala lopserera linalowa m'chipindamo. Anandiyang'ana. "Alamu, mundionereko pang'ono."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mwanayo. Ine amene ndimadzaza tsamba lino ndi mawu sabata iliyonse, pamenepo ndinasowa ngakhale limodzi. Mvula itayamba kukata, mwanayo anachotsa zala m'makutu n'kundiyang'ana.

"Inu mwachokera ku Milanje?"

"Ayi, ndachokera ku Chitakale."

"Amayi anga ali ku Milanje. Mvula ikagwa sabwera, mtsinje umadzaza."

Ana atalandira phala, Felesita anandikokera pambali n'kundifotokozera. Mayi ake a Yankho anapita ndi madzi chaka chija napolo anatsika m'phiri. Mwanayo anapulumuka chifukwa bambo wina woyandikana nawo anamunyamula pamapewa, ndipo ali pamapewapo anaona nyumba yawo ikugwa. Thupi la mayi ake linapezeka patali, linaikidwa mofulumira, mwana ali kumsasa wa othawa madzi. Akuluakulu a pabanja anagwirizana zomuuza kuti mayi ake apita ku Milanje, tsidya la Mozambique, kukaoda zitenje. Mpaka lero bodzalo silinasinthidwe.

Tili mkati mocheza anafika a Rozina, mayi ake aang'ono a Yankho, amene akumulera. Amagulitsa nthochi pamsika. Atangoona diresi yonyowa anamugwira khutu.

"Wayambanso? Chimwana chachikulu ngati iwe, ukufuna undichititse manyazi mpaka liti?"

Ndinalephera kupirira, ndinawayandikira n'kuwanong'oneza kuti mwana asamve. "Pepani mayi, mwanayu sachita dala, ndi mantha. Bwanji mutamuuza zoona za mayi ake, kapena mupite naye kuchipatala akamuone odziwa za maganizo?"

Anasiya khutu lija, namuuza mwanayo kuti akadikire pataliko, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, mukufuna anthu azinena kuti mwana wa malemu mkulu wanga ndi wa ku Zomba, wamisala? Ndipo ndimuuze kuti chiyani? Kuti mayi ako tinawazindikira ndi chitenje chokha? Ineyo amene, mvula ikachita mkokomo mtima umandithawa, manja amazizira. Alipo anandifunsapo?"

Atatero anapita pamene panali Yankho. Anamugwira dzanja mwanayo, n'kumapita.

Owerenga anzanga, ndinkafuna nditawakwiyira a Rozina, koma zandikanika. Ali ndi ana awoawo, anamutenga wamasiyeyu popanda wowakakamiza, amamudyetsa ndi kumuveka. Chimene sadziwa n'choti achite naye bwanji mwana amene chilonda chake sichioneka. Nanga ife tikudziwa?

Kwathu kuno tili ndi mawu amene timadzitonthoza nawo: mwana amaiwala. Maliro akachitika ana timawathamangitsira kuseri. Banja likutha, timatukwanizana iwo ali pomwepo ngati mipando. Bambo akapita ku Joni osabweranso, timati akubwera pa Khirisimasi. Tikatero timadabwa mwana akasiya kuyankhula, akayamba kuluma anzake, akayambiranso kukodza pogona atasiya kale. Pamenepo mayina timakhala nawo ambiri: wamwano, wopepera, wolodzedwa, wa ziwanda. Dzina loti wopwetekedwa mumtima silimatifikira pakamwa.

Madzi aja atadutsa, magalimoto anabwera ndi ufa, mabulangeti ndi ndowa. Tinathokoza, ndipo zinatipulumutsadi. Milatho ina yakonzedwa, nyumba zina zamangidwanso. Koma ana amene anaona anthu akukokoloka, amene anagona m'makalasi akumva akuluakulu akulira, anafunsidwa ndi ndani zimene anaona? Mwina kwina alangizi anafika. Pamudzi pa Yankho, Felesita akuti sanamuonepo ndi mmodzi yemwe.

Ndiye katundu yense wagwera anthu ngati mlamu wangayu. Amayi a mtima wabwino, osalandira kanthu, amene anaphunzitsidwa nyimbo, masewera ndi kaphikidwe ka phala. Ndinamufunsa ngati kumaphunziro kwawo anawauzako za mwana wotere.

"Anatchulako, alamu. Anati tizimvetsera ana. Koma ndimvetsere uti ndisiye uti? Ndikagwada pa Yankho, kumbuyoku wina wathawira kumsewu."

Tisamanamizane kuti za thanzi la m'maganizo ndi za anthu a m'tauni okhuta. Mwana uja ndinamuona ndi maso anga, ndipo sanawerengepo buku lililonse lomuuza kuti azichita mantha. Komanso zina zimene akufunikira sizilira galimoto ya bungwe. Akufunika munthu wamkulu amene amamukhulupirira akhale naye pansi, amuuze mofatsa kuti mayi ake anamwalira, amuonetse manda, amulole alire, ndipo mawa lake akhalepobe. Tili ndi amvano, tili ndi madodana a m'mipingo ndi masheikh, tili ndi makomiti a sukulu. Pa ukwati ndi pa maliro timasonkhana osaitanidwa. Zikuvuta pati kusonkhana chifukwa cha mwana wamoyo?

Ndikudziwa pamene zikuvutira, ndipo n'chimene chandifooketsa sabata ino. Akuluakulu amene tikuti achize anawo nawonso ndi odwala. Aliyense anataya wake, aliyense anameza misozi n'kubwerera kumunda chifukwa njala sidikira. Kumuuza Yankho zoona n'kutsegula chimene a Rozina akhala akutsekera mumtima mwawo kuti athe kudzuka m'mawa. Ndiye tonse tangosankha kukhala chete, ndipo chetechete ameneyu tikumupatsira ana ngati chuma chamasiye.

Lachisanu Felesita anandiimbira foni. Makolo ena akadandaula kukomiti kuti ana awo asamakhale benchi limodzi ndi mwana wa mizimu, kuopa kuti angatengere. A Rozina atamva zimenezo amuleketsa sukulu. Anapita naye kwa munthu wina wa mapemphero amene anamugwira mutu n'kumukuwira kuti chiwanda chituluke, ndipo kuchokera tsikulo mwanayo sakuyankha ngakhale moni. Masana amakhala pamsika, kuseri kwa dengu la nthochi.

"Nanenso ndatopa, alamu," anatero Felesita. "Munda wanga wamera tchire. Mwezi ukatha uno mwina nditula pansi."

Sindinamuletse. Ndikanamuletsa ndi chiyani?

Chaka chamawa Yankho akayamba sitandade 1, m'kalasi ya ana osefukira mpaka pakhonde, kwa mphunzitsi wotopa amene sadzadziwa mbiri yake. Akadzalephera kuyankha adzakwapulidwa. Akadzayamba kujomba tidzati ndi ulesi. Ndipo ku Chonde, ku Chitakale, m'malaini a m'maesiteti a tiyi, aliko anzake amene mayina awo sitikuwadziwa.

Inu amene mukuwerenga, pamudzi panu pali mwana amene anasintha mwadzidzidzi ndipo nonse munangomupatsa dzina. Mudzamufunsa liti chimene chikumupweteka, panopa akadali wamng'ono woti mungamunyamule, kapena akadzakula n'kuyamba kukuopsani?